Mwana Wathu wa Makompyuta Apite Dziko Liti?

Mwezi wathawu, titatuluka m'mapemphero a Lamulungu kuno ku Selous, mnzanga wina wakalekale adandikokera pansi pa mtengo. Iyeyu ndi mlimi wa fodya ndi chimanga, ndipo bambo ake adachokera ku Dedza m'masiku a atsamunda. Kumbuyo kwake kudaima mwana wake wachisamba, mnyamata wofatsa amene adaphunzira za makompyuta ndi za zipangizo zoyendetsera makina a m'migodi.

"Achimwene," adayamba motero mnzangayo, "mwana wanuyu akufuna kutuluka m'dziko muno. Ine ndavomera, ndipo ng'ombe ziwiri ndazipatula kale kuti ndigulitse. Koma chikundisautsa n'chakuti tsiku lililonse akutchula dziko lina. Lolemba akuti Canada, Lachitatu akuti Australia, pofika Loweruka wabwerera ku Joni. Tamuunikirani."

Mnyamatayo adanyonyomala mwaulemu n'kundipatsa foni yake. Pa foniyo adali atalemba mayiko 7, ndipo pambali pa dziko lililonse adaikapo malipiro a pachaka a munthu wa ntchito ngati yake. "Bambo aakulu," adatero iye, "ndayamba ndi dziko lolipira kwambiri, ndatsiriza ndi lolipira pang'ono. Kodi sindingangotenga la pamwambalo?"

Ndidamuyamika chifukwa cha khama lake, koma ndidamuuza kuti mndandanda wakewo udali ndi mzere umodzi wokha, ndipo ndi mzere womwewo umene agogo ake adauyang'ana pamene ankanyamuka ku Dedza. Zimene tidakambirana tsiku limenelo ndaganiza kuti ndizilembe pano, popeza funso lomweli lili m'makomo ambiri, ndipo inu alangizi a m'midzi mukulilandira kawirikawiri kuchokera kwa makolo amene akufuna kugulitsa ziweto kapena mabelo a fodya kuti mwana akwere ndege.

Njira imene agogo adadzera

Ife a ku Selous, Chegutu ndi Kadoma sitisowa kopita kuti tikaphunzire za kusamuka, pakuti ambiri a ife tidabadwa mwa anthu osamuka. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique ankatsikira kuno kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya zovala. Oyambirira adabwera wapansi, kudutsa ku Tete ndi kuwoloka Zambezi. Pambuyo pake boma la Southern Rhodesia lidaika magalimoto onyamula anthu popanda kulipira, amene adangodziwika ndi dzina loti Ulere, ndipo mu 1946 lidakhazikitsa bungwe lolemba antchito limene makolo athu ankalitcha Mthandizi. Ena adathera m'mapulazi a fodya a kuno ku Selous, ena m'migodi ya golide monga Cam and Motor kufupi ndi Kadoma ndi Dalny ku Chakari, ndipo ena mwa ana awo adadzalowa m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Nthawi imeneyo Chegutu ankatchedwa Hartley, Kadoma ankatchedwa Gatooma.

Anthu amenewa adali aluso a nthawi yawo: akapitawo, amakaniko, oyendetsa mathirakitala, odziwa kuwamba fodya m'mabalani. Posankha kopita, iwonso ankayerekeza malipiro. Joni ankalipira koposa kuno, ndipo mgodi unkalipira koposa pulazi. Ankati akagwira zaka ziwiri kapena zitatu abwerera kwawo ndi njinga, makina osokera ndi mabulangete. Ambiri sadabwerere. Adakwatira, adabereka, adakalamba m'makomboni, kumudzi n'kumawatcha matchona.

Funso limene sadafunse, ndipo padalibe wowauza kuti afunse, ndi ili: kodi dziko lino lidzanditenga ngati yani ntchito ikadzatha? Yankho lake lidabwera mochedwa, ndipo lidagwera ana ndi adzukulu. Pamene boma lidayamba kugawa minda mwachangu mu 2000, antchito ambiri a m'mapulazi adataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo amene makolo awo adachokera kunja adalibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa. Aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake ankayenera kuukana unzika umenewo m'kati mwa miyezi 6, apo ayi wa Zimbabwe wamuthawa. Anthu obadwira pa pulazi, amene nyanja ya Malawi sadaioneko n'kamodzi komwe, adapezeka ali ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo. Wopanda chitupa cha nzika sankavota, sankapeza pasipoti, ndipo mwana wake ankavutika kupeza kalata yobadwira, imene popanda iyo kulemba mayeso a boma kumavuta.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zambiri. Gawo 43 lidanena kuti munthu amene adabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndiponso amene ankakhala m'dziko muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Malamulo omwewo adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International lidapeza kuti kudakali anthu ambirimbiri opanda mapepala, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi adzukulu a antchito ochokera kunja. Ulendo umene unkayenera kutenga zaka zitatu udasanduka mlandu wa mibadwo itatu.

Kutuluka sikulakwa

Musandimve molakwa ngati ndikuletsa achinyamata kuyenda. Kalembera wa anthu wa 2022 adapeza kuti mabanja a m'Zimbabwe adatchula abale awo oposa 900,000 amene ali kunja, ndipo oposa 770,000 mwa iwo ali ku South Africa. Mu 2023 ndalama zimene anthu a kunjawa adatumiza kwawo zidayandikira madola a ku America 1.9 biliyoni. Ndalama zimenezo ndi zimene zagula feteleza, zalipira sukulu ndi kukumba zitsime m'makomo ambiri. Mwana amene adaona penshoni ya makolo ake ikusungunuka m'chaka cha 2008 sungamuuze kuti angodekha. Ndipo ife a ku Selous tidaona mgodi wa pulatinamu wa Hartley, umene kampani yaikulu ya BHP idathirapo chuma chochuluka, ukutsekedwa mu 1999. Tikudziwa kuti ntchito siilonjeza mawa.

Chimene ndikunena n'chakuti munthu waluso asasankhe dziko monga amasankhira msika wogulitsirako mbewu, kungofunsa kuti mtengo uli bwanji lero. Asankhe monga amasankhira malo omangapo nyumba. Ndidampatsa mnyamata uja mafunso anayi kuti awaike pambali pa malipiro.

Funso loyamba: chilolezocho chimathera kuti?

Zilolezo zogwirira ntchito kunja zili m'magulu awiri. Pali chimene chimakutsegulira njira yoti patapita zaka udzakhale wokhazikika, kenaka nzika. Pali china chimene chimakusunga ngati mlendo mpaka tsiku limene abwana kapena boma lidzatope nawe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chitsanzo chapafupi ndi South Africa. Kuyambira mu 2009 dzikolo lidapereka zilolezo zapadera kwa anthu a ku Zimbabwe, zimene mu 2017 zidatchedwa ZEP. Anthu pafupifupi 178,000 adazilandira. Koma chilolezocho chidali ndi mawu akuti mwini wake sangapemphere nacho kukhala wokhazikika, ngakhale atakhala zaka zingati. Mu Novembala 2021 nduna za dzikolo zidagamula kuti zilolezozo zithe. Mu Juni 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria lidati chigamulocho sichidatsate malamulo, ndipo kuchokera apo boma lakhala likuwonjezera nthawi pang'onopang'ono. Anthu amene adakhala m'dzikomo zaka zoposa 10, ana awo ali pa sukulu, akhala akudikira chilengezo chilichonse mtima uli m'malere. Munthu wa luso la makompyuta amene akufuna Joni afune viza ya anthu a maluso osowa, chifukwa imeneyo ndiyo ili ndi khomo lolowera ku ukhazikika. Asaiwalenso ziwawa zochitira alendo za mu Meyi 2008, zimene zidapha anthu 62, ndi za mu 2015, pamene boma la Malawi lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Mayiko a Aluya monga United Arab Emirates, kumene kuli Dubai, amakopa chifukwa sadula msonkho pa malipiro. Koma kumeneko chilolezo cha antchito ambiri chimamangidwa ku ntchito, ndipo unzika kwa mlendo wamba palibe. Ndi malo okagwirako ntchito, kusunga ndalama n'kubwerera. Wopita kumeneko apite akudziwa zimenezo, ndipo nyumba yake amange kwawo.

Ku Britain munthu amalowa ndi kalata ya kampani imene boma lidaivomereza kulemba alendo. Ntchito ikatha, nthawi zambiri amapatsidwa masiku 60 oti apeze kampani ina kapena anyamuke. Malipiro ochepetsetsa oyenera kuti munthu apatsidwe viza ya antchito aluso adakwezedwa kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pachaka mu Epulo 2024, ndipo mu Julayi 2025 adafika pa 41,700. Kwa nthawi yaitali munthu ankatha kukhazikika atakhala zaka 5, koma mu Meyi 2025 boma lidalengeza maganizo oti zakazo zifike 10.

Ku America, viza ya akatswiri yotchedwa H-1B ili ndi malo 85,000 okha pachaka, ndipo kwa zaka zambiri opempha akhala ochuluka kotero kuti ankasankhidwa mwa maere. Mu Seputembala 2025 boma la dzikolo lidalengeza chindapusa cha madola 100,000 pa mapempho atsopano a viza imeneyi. Dziko limene lidali pamwamba pa mndandanda wa mnyamata uja ndi limene khomo lake lidali lopapatiza koposa onse.

Canada, kudzera m'njira yotchedwa Express Entry imene idayamba mu 2015, imawerengera munthu mapointi potengera zaka zake, maphunziro, chilankhulo ndi zaka za pa ntchito. Wosankhidwa amatsika ndege ali kale wokhazikika, sali m'manja mwa bwana mmodzi, ndipo akakhala zaka 3 mwa zaka 5 angathe kupempha unzika. Koma nakonso khomo lachepa. Mu Okutobala 2024 boma lidatsitsa chiwerengero cha olandiridwa m'chaka cha 2025 kuchoka pa 500,000 kufika pa 395,000, ndipo mu Febuluwale 2025 lidachotsa ntchito zingapo za olemba mapulogalamu a pakompyuta pa mndandanda wa ntchito zimene limaziika patsogolo.

Germany, imene achinyamata athu saiganizira kawirikawiri chifukwa cha chilankhulo, idafewetsa malamulo ake. Kuyambira mu Novembala 2023 munthu wa makompyuta wopanda digiri, koma amene wagwira ntchitoyo zaka 3, angathe kupatsidwa chilolezo chotchedwa Blue Card ngati wapeza ntchito ya malipiro oyenera. Wokhala ndi chilolezochi amene wadziwa Chijeremani mokwanira angathe kukhazikika patapita miyezi 21 yokha. Mu Juni 2024 dzikolo lidatsitsa zaka zodikira unzika kufika pa 5, ndiponso lidalola unzika wa mayiko awiri.

Australia nayo imawerengera mapointi, ndipo njira zambiri zopita ku ukhazikika zimatsekeka munthu akakwanitsa zaka 45. Migodi ya m'chigawo cha Western Australia yatenga amisiri ambiri a kuno, ndipo mu mzinda wa Perth muli anthu a ku Zimbabwe ochuluka.

Malamulo onsewa ndawatchula ndi zaka zake dala, kuti muone kuti amasintha ngati mitengo ya kuokushoni. Zimene msuweni adadutsa nazo zaka 4 zapitazo mwina lero sizikugwiranso ntchito. Yankho lodalirika lili ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kapena m'zolemba za boma lake, osati pa gulu la WhatsApp.

Funso lachiwiri: banja lidzatsatira, ndipo mwana adzakhala wa kuti?

Mnyamata uja adaseka nditafunsa zimenezi, n'kunena kuti sanakwatire. Ndidamuuza kuti agogo akenso adanyamuka ali mbeta. Mavuto aakulu a kusamuka amagwera anthu amene pa tsiku lonyamuka amakhala asanabadwe.

Mayiko amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Mwana wobadwira ku Canada ndi nzika ya dzikolo kuyambira tsiku lobadwa. Ku Britain, kuyambira mu 1983, mwana wa alendo sakhala nzika pobadwa pokhapokha kholo limodzi litakhala lokhazikika, ndipo ku Australia lamulo lofanana nalo lidayamba mu 1986. Ku Germany mwana amalandira unzika pobadwa ngati kholo lakhala m'dzikomo movomerezeka zaka 5 ndipo lili ndi chilolezo chokhazikika. Ku South Africa kubadwirako kokha sikupereka unzika kwa mwana wa alendo, ndipo ku mayiko a Aluya aja mwana amakhala mlendo ngati makolo ake.

Pa za mkazi kapena mwamuna, chilolezo cha ukhazikika cha ku Canada chimatenga banja lonse, ndipo Blue Card ya ku Germany imalola mnzako wa m'banja kubwera ndi kugwira ntchito. Koma taonani zimene zidachitika ku Britain. M'zaka za 2022 ndi 2023 anthu ambiri a ku Zimbabwe adapita kumeneko kukasamalira okalamba, ndipo ena mwa iwo adali ndi madigiri a ntchito zina, akuganiza kuti akangolowa adzasintha. Mu Malichi 2024 boma lidaletsa olowa kumene pa ntchito imeneyi kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 lidatseka kulemba anthu a ntchitoyi kuchokera kunja. Kulowera pa khomo limene si la luso lako kuli ndi mtengo wake: zaka zimapita, luso la makompyuta limachita dzimbiri msanga, ndipo banja limakhala mbali ziwiri za nyanja.

Amayi ndi agogo aakazi a m'makomboni athu akudziwa bwino za nkhaniyi, chifukwa ndiwo amene amatsala ndi ana. Iwo ayenera kukhalapo pamene banja likukambirana, osati kungouzidwa tsiku lonyamuka.

Funso lachitatu: mapepala ako a sukulu adzawalemekeza?

Digiri ya ku Chinhoyi University of Technology, ya ku Harare Institute of Technology kapena ya ku NUST ku Bulawayo, ngakhalenso satifiketi ya ku Kwekwe Polytechnic, ndi mapepala abwino. Koma dziko lililonse lili ndi bungwe lake loyesa mapepala a kunja, ndipo liwu la bungwe limenelo ndilo lomaliza. Ku South Africa ndi SAQA, ndipo munthu amafunikanso kulembetsa ku bungwe la ntchito yake, monga IITPSA kwa a makompyuta kapena ECSA kwa mainjiniya. Ku Canada ambiri amadzera ku WES. Ku Australia a makompyuta amayesedwa ndi ACS, mainjiniya ndi Engineers Australia. Mayiko angapo olankhula Chingerezi amafunanso mayeso a chilankhulo monga IELTS, ngakhale munthu adaphunzira m'Chingerezi kuyambira ali mwana. Zonsezi zimachitika munthu ali kwawo, ndipo zimamuuza msanga ngati khomo ndi lotseguka asanawononge ndalama zambiri.

Chinanso n'chakuti mayiko amenewa safuna kwenikweni munthu wongotuluka kumene ku sukulu. Amafuna zaka za pa ntchito, zotsimikizika ndi makalata a mabwana ndi mapepala a malipiro. M'zaka za 2022 ndi 2023 makampani akuluakulu a makompyuta ku America ndi ku Ulaya adachotsa antchito ochuluka, ndipo ongoyamba kumene ndiwo akuvutika koposa kupeza polowera. Ndidamuuza mnyamata uja kuti chuma chake chenicheni mwina si kulemba mapulogalamu, kumene angapikisane ndi anthu mamiliyoni a ku India ndi kwina. Chuma chake ndi kudziwa makompyuta ndi makina a m'migodi pamodzi. Anthu odziwa zonse ziwirizi ndi ochepa, ndipo ndi luso limene dera lathu lino limaphunzitsa. Munthu asankhe dziko limene likusowa luso lake lenileni.

Funso lachinayi: zikadulidwa zonse, patsala zingati?

Mlimi aliyense amadziwa kuti ndalama imene imatchulidwa pa belo si imene imalowa m'thumba. Pamachoka ngongole ya zipangizo, mayendedwe, nkhuni kapena malasha ndi aganyu. Malipiro a kunja nawonso ali choncho. Pamachoka msonkho, lendi imene m'mizinda ngati London, Toronto ndi Sydney imadya gawo lalikulu la malipiro, magetsi otenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu, ndiponso malo osiyako ana, popeza kumeneko kulibe azakhali oti akugwirireni mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama zolowera nazonso si zamasewera. Ku Britain, kuyambira mu Febuluwale 2024, munthu wamkulu aliyense wa viza yotere amalipiriratu mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse cha viza yake kuti azithandizidwa m'zipatala. Viza ya zaka 3 ndiye kuti mapaundi 3,105 pa mutu umodzi, osawerengera mtengo wa viza yeniyeniyo ndi ndege. Canada mu 2025 inkafuna kuti munthu mmodzi wopanda ntchito yomudikira aonetse madola a dzikolo oposa 15,000 ku banki. Germany, pa chilolezo chokafunira ntchito chimene idayambitsa mu Juni 2024, imafuna umboni wa mayuro oposa 1,000 pa mwezi uliwonse. Nditatchula ziwerengero zimenezi mnzanga uja adangoti kakasi. Ng'ombe zake ziwiri sizikadafika ngakhale pa theka la njira.

Chenjerani ndi madobadoba

Pamene makomo akupapatiza, akathyali amachuluka. Ena amagulitsa makalata a ntchito za ku Britain pa madola zikwizikwi, munthu n'kukapeza kuti ntchitoyo kulibe kapena maola ake ndi ochepa osakwanira lendi. Koma msampha umene watcherwa makamaka ana odziwa makompyuta ndi wa ku Asia. Amalonjezedwa ntchito ya muofesi ku Thailand, tikiti ya ndege n'kuwagulira, koma akatsika amawolotsedwa kupita ku Myanmar kapena ku Cambodia, kumene amalandidwa mapasipoti, kutsekeredwa m'mipanda ndi kukakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Mu Ogasiti 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati anthu osachepera 120,000 akhoza kukhala m'mavuto otere ku Myanmar, ndi ena pafupifupi 100,000 ku Cambodia. Pakati pa amene adapulumutsidwa mu 2025 padali achinyamata a m'mayiko a mu Africa.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuzidziwa. Bwana weniweni sagulitsa ntchito. Sakuuza kuti ulowe ndi viza ya alendo ocheza kuti mapepala adzakonzedwa ukafika. Sakulemba popanda kukuyesa luso. Sakufulumizitsa kuti ulipire lero chifukwa mawa malo atha. Kholo lisagulitse ng'ombe kapena kutenga katapila lisanaone mgwirizano wa ntchito wolembedwa, dzina la kampani ndi malo ake enieni, ndiponso lisanafunse munthu wachiwiri amene alibe phindu pa nkhaniyo. Safunsa adadya phula.

Kufupi nakonso ndi kunja

Pa mndandanda wa mnyamata uja padalibe Zambia, Botswana kapena Namibia. Komatu migodi ya mkuwa ya Kansanshi ndi Lumwana ku Zambia, ndi ya dayamondi ya Jwaneng ndi Orapa ku Botswana, imayendera makina a mtundu womwewo umene iye adaphunzira. Kumeneko munthu akamva za maliro amakwera basi n'kufika asanaike. Ku Lusaka Chinyanja chake chimugulira ndiwo pa msika tsiku loyamba. Zilolezo za m'mayiko amenewa nazonso ndi za nthawi yochepa ndipo nzika zimayamba ndizo kulembedwa, koma kubwerera sikuvuta, ndipo zaka zimene angagwire kumeneko zimawerengedwa akadzafuna kupita kutali.

Palinso njira yogwirira ntchito kampani ya kunja munthu ali pakhomo. Intaneti ya Starlink idayamba kugwira ntchito m'Zimbabwe mu Seputembala 2024, ndipo magetsi a dzuwa afala. Kuno ku Selous, fakitale ya Zimplats yoyenga miyala ya pulatinamu yochokera ku Ngezi idatsegula malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 35 mu 2024. Zinthu zotere zimafuna anthu odziwa kuziyendetsa ndi kuzikonza. Kukhala zaka zina ziwiri kapena zitatu, kukulitsa luso ndi kusunga ndalama zako, ndi gawo la ulendo womwewo.

Ntchito yathu ife otsala

Kwa inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a alimi, thandizo lalikulu limene mungapereke silofuna ndalama. Onetsetsani kuti wachinyamata aliyense amene akufuna kutuluka ali ndi kalata yobadwira yaitali, chitupa chosonyeza kuti ndi nzika, ndi pasipoti yake yeniyeni ya dzina lake lenileni. Ngati chitupa cha makolo chidakali cha mlendo, athandizeni kupita ku ofesi ya kalembera ya boma lawo kuti akachisinthe monga malamulo a 2013 amalolera. Munthu wotuluka ndi mapepala okayikitsa amakhala mlendo kawiri, kumene wapita ndi kumene wachokera. Muwauzenso kuti nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa ingathe kutenga unzika wa dziko lina osataya wa kwawo, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi nayo idavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018. Mwana akabadwira kunja, alembetsedwe kwawo msanga, chifukwa unzika wodzera mwa makolo umafuna kuti kubadwako kulembedwe m'kaundula wa Zimbabwe. Ndipo amene akupita asiye makope a mapepala ake onse, dzina la kampani ndi malo okakhala kwa mbale wodalirika.

Patapita milungu iwiri mnyamata uja adandipeza kunyumba. Mndandanda wake tsopano udali ndi mizere isanu, ndipo mayiko adatsala atatu. Dziko limene lidali pamwamba lidachoka, ndipo lina limene lidalibe n'komwe lidalowa. Adandiuza kuti wayamba kusonkhanitsa makalata a ku ntchito ndipo akufuna agwire kaye zaka zina ziwiri. Koma nkhani imene idamufikitsa kwa ine idali ina. Pofufuza mapepala m'sutikesi ya m'nyumba, adapeza kuti chitupa cha bambo ake, munthu wobadwira pa pulazi ya kuno ku Selous, chidakali cha mlendo.

"Bambo aakulu," adatero iye, "ndiye kuti ulendo wanga woyamba ndi wa ku Chegutu. Ndiwaperekeza bambo Lolemba."

Ng'ombe zija zidakali m'khola, ndipo mvula ikagwa zilima.